Zoyenera kuchita mbale wanu akatsekeredwa popanda mlandu pomuganizira za uchigawenga

Uthenga wotere sufika pa nthawi yabwino. Mwina ndi mlamu wanu amene akuimba foni m'bandakucha kuchokera ku Chawama mu Lusaka, kunena kuti kunabwera anthu pa galimoto, ena ovala yunifolomu ena ovala zovala wamba, ndipo atenga bambo a ana pamodzi ndi mafoni onse a m'nyumbamo. Mwina ndi mnzake wa ku msika wa Soweto amene waona mwana wanu akukwezedwa m'galimoto dzuwa lili paliwombo. Mukafika ku polisi mumauzidwa kuti nkhaniyo ndi ya chitetezo cha dziko, kufufuza kudakali m'kati, mubwere mawa. Mawa lakelo yankho limakhala lomwelo, ndipo sabata imatha munthu asanatseguliridwe mlandu, asanaime pamaso pa woweruza aliyense.

Ndalembera banja limene lili m'masiku amenewo. Sindikunena kuti uchigawenga ndi nthano: mabomba amene anaphulika pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam pa 7 Ogasiti 1998 anapha anthu oposa 200, ndipo anansi athu a ku Mozambique akhala akulira maliro ku Cabo Delgado kuyambira 2017. Apolisi ali ndi ntchito yeniyeni yoteteza anthu. Koma mawu akuti chigawenga ndi olemera kwambiri kotero kuti akangonenedwa pa munthu, abale amabalalika, anansi amatseka zitseko, ndipo aliyense amayamba kuona ngati malamulo a masiku onse sakumukhudzanso munthuyo. Amene anali mu Lusaka kumayambiriro kwa 2020, pamene kunali mantha a anthu opopera mankhwala m'nyumba, akukumbukira mmene munthu wamba wa m'komboni ankasandukira chigawenga m'maso mwa khamu chifukwa chongonyamula botolo m'chikwama, ndipo ambiri anaphedwa asanafunsidwe ndi dzina lomwe. Kuganiziridwa sikusankha olemera kapena andale okha.

Ntchito ya banja ndi imodzi, ngakhale ili ndi nthambi zambiri: kuonetsetsa kuti munthu wanu walembedwa m'buku la boma, kuti anthu angapo audindo akudziwa kumene ali, ndiponso kuti nkhani yake yachoka m'manja mwa omusunga okha n'kufika kwa woweruza. Munthu amene palibe akudziwa kumene ali ndi amene amamenyedwa, kusamutsidwa usiku, kapena kusowa. Martin Mubanga, nzika ya Britain ndi Zambia yomwe, anagwidwa m'dziko muno mu 2002, n'kukapezeka ku ndende ya Guantanamo ku Cuba, kumene anakhala pafupifupi zaka zitatu, ndipo anamasulidwa mu Januwale 2005 popanda mlandu uliwonse. Ndende imeneyo, imene inatsegulidwa mu Januwale 2002, yasungapo anthu pafupifupi 780, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sanazengedwepo mlandu.

Tsiku loyamba

Musanapite kulikonse, gulani kope la sukulu ndi cholembera, ndipo musankhe munthu mmodzi wodekha m'banjamo amene azisunga kopelo. Lembani tsiku ndi ola limene munthuyo anatengedwa, malo ake, chiwerengero cha amene anabwera, mtundu ndi nambala ya galimoto ngati wina anaiona, mawu amene ananena, ngati anaonetsa chikalata cha khoti chowalola kugwira munthu kapena kusecha nyumba, ndi katundu yense amene anatenga. Lembaninso zovala zimene anavala ndi mmene thupi lake linalili, kuti analibe bala kapena chotupa, chifukwa tsiku lina pakhoza kukhala mkangano wakuti bala linalake linabwera liti. Funsani aliyense amene anaona kuti akuuzeni zimene anaona tsiku lomwelo, chifukwa pakatha milungu iwiri anthu amaiwala, ena amaopa, ena amawonjezera.

Kenako yambani ndi polisi ya dera limene munthuyo anagwidwira, kaya ndi ku Matero, ku Kanyama, ku Chilenje, ku Kabwata kapena ku Emmasdale. Pitani anthu awiri, mutanyamula mareji anu (zitupa za unzika), ndipo musapite gulu lonse la mtundu ngati mukupita ku maliro. Pa kauntala lankhulani mwaulemu ndi mwachidule: "Bwana, ndabwera kudzafunsa za mng'ono wanga, dzina lake ndi ili, anatengedwa dzulo usiku ku malo akuti, kodi walembedwa m'buku lanu?" Pa polisi iliyonse pali buku lolembamo zochitika zonse, limene apolisi amalitchula kuti OB, ndipo palinso buku lolembamo anthu ogwidwa ndi katundu amene analandidwa polowa m'selo. Pemphani nambala ya OB, dzina la ofisala amene ali ndi nkhaniyo, ndi nthambi imene akuchokera. Akakuuzani kuti munthuyo kulibe, lembani ola ndi udindo wa amene wakuyankhani, pitani ku polisi yotsatira, ndipo mukafikenso ku Lusaka Central ndi ku Woodlands. Nthawi zambiri amene anagwira munthu si amene akumusunga: nthambi yofufuza imangomusungitsa m'selo ya polisi ina, ndipo ofisala wa pa kauntala amanena zoona akamati nkhaniyo siili m'manja mwake. Musakangane naye, mufunseni kuti ili m'manja mwa ndani.

Zimene lamulo likunena

Ndi bwino kudziwa ndime zochepa pamtima, osati kuti mukaphunzitse apolisi ntchito, koma kuti mudziwe ngati zimene akukuuzani zili zoona. Ndime 13 ya Malamulo Oyendetsera Dziko la Zambia imati munthu wogwidwa auzidwe chifukwa chake mwamsanga, m'chilankhulo chimene amamva, ndipo ngati samasulidwa atengedwe ku khoti mosazengereza. Ngati mbale wanu amamva Chinyanja chokha, kumuwerengera pepala la Chingerezi sikukwaniritsa lamulo. Ndime 15 imaletsa kuzunza munthu kapena kumuchita zankhanza ndi zonyazitsa, ndipo siinena kuti kupatulapo woganiziridwa za uchigawenga. Ndime 18 imati munthu aliyense ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa kapena iye atavomera yekha pamaso pa khoti.

Pa nkhani ya maola anthu ambiri amasokonezeka. Gawo 33 la Criminal Procedure Code limatchula maola 24: ngati munthu wagwidwa popanda chikalata cha khoti ndipo sizitheka kumutengera ku khoti m'maola amenewo, mkulu wa polisiyo ayenera kuunika nkhaniyo n'kumutulutsa pa bondi, pokhapokha ngati akuona kuti mlanduwo ndi waukulu, ndipo amene wasungidwabe ayenera kutengedwa ku khoti mwamsanga mmene zingathekere. Maola 48 amene anthu amakonda kutchula ndi muyezo wa mayiko onse. Komiti ya United Nations yoona za pangano la ufulu wa anthu la ICCPR, limene Zambia inalowa mu 1984, inanena mu 2014 kuti maola 48 ndi okwanira kufikitsa munthu kwa woweruza, ndipo malangizo a ku Luanda amene bungwe la mu Africa loona za ufulu wa anthu linavomereza chaka chomwecho amanena chimodzimodzi. Amene anachokera ku Malawi akudziwanso kuti kwawo maola 48 analembedwa mu gawo 42 la malamulo oyendetsera dzikolo.

Bondi ya polisi ndi yaulere, ndipo palibe amene ayenera kukulipiritsani. Konzekeranibe anthu awiri omuimira, okhala ndi ntchito yodziwika ndi malo okhazikika, atanyamula mareji ndi makalata ochokera kumene amagwira ntchito. Koma ndinene mosabisa kuti pa nkhani ya uchigawenga musaike mtima wonse pa bondi. Lamulo la Anti-Terrorism and Non-Proliferation Act la 2018, limene linalowa m'malo mwa la 2007, lili ndi zilango zimene zikhoza kufika pa ndende ya moyo wonse, choncho mkulu wa polisi sadzavutika kunena kuti mlanduwo ndi waukulu. Kukanizidwa bondi sikupatsa apolisi mphamvu yosunga munthu mpaka pamene adzakhutire. Wina akakuuzani kuti lamulo la uchigawenga likuwalola kumusunga masiku ambiri, funsani funso limodzi lokha: kodi pali chikalata cha khoti, anasaina ndi jaji uti, ndipo chikutha tsiku liti? Ngati chilipo, loya wanu achione ndi maso ake, achijambule, ndipo awerenge masiku. Ngati palibe, lembani zimenezo m'kope lanu, chifukwa ndi pomwe padzayambire mlandu wanu ku High Court.

Loya ndi sitetimenti

Pezani loya tsiku loyamba lomwelo, osadikira kuti muone mmene zithere. Ngati ndalama palibe, pitani ku Legal Aid Board, limene ndi bungwe la boma loimirira anthu osowa, ndipo mukhoza kufunsanso ku Law Association of Zambia kuti akulozereni maloya amene amagwira milandu ya ufulu wa anthu. Si loya aliyense amene angathandize apa. Amene anakulemberani za kugula puloti akhoza kukhala katswiri pa ntchito yake, koma mukufuna munthu amene anazolowera kulowa pa polisi, kuumirira kuti aone womangidwa, ndi kulemba mapepala a khoti usiku umodzi. Mgwirizane za malipiro polemba, ndipo mutenge lisiti.

Chifukwa chofulumirira ndi sitetimenti imene apolisi amaitchula kuti warn and caution. Asanafunse munthu, amamuchenjeza kuti sakukakamizidwa kunena kanthu, koma chilichonse chimene anene chidzalembedwa ndipo chikhoza kuperekedwa ngati umboni. Munthu amene wagona pansi masiku anayi, wosasamba, wamantha, amasaina chilichonse akauzidwa kuti akasaina apita kwawo. Mukapeza mpata womuona, ngakhale wa mphindi ziwiri pa chitseko cha selo, musautaye polira kapena pomufunsa ngati anachitadi. Muuzeni kuti banja likudziwa kumene ali, kuti loya akubwera, kuti anene dzina lake ndi kumene amakhala koma zina zonse adikire loya, ndiponso kuti asasaine pepala limene sanaliwerenge kapena limene lili ndi mipata yosalembedwa. Zoonadi khoti likhoza kukana sitetimenti imene munthu anakakamizidwa, ndipo limachita kaye kamlandu kapadera kofufuza ngati anavomera mwa kufuna kwake, koma pamenepo padzakhala mawu a womangidwa mmodzi kutsutsana ndi mawu a maofisala atatu. Kupewa kusainako n'kosavuta kuposa kudzakufafaniza.

Chakudya, mankhwala ndi thupi lake

Pitani tsiku lililonse ndi chakudya, ngakhale masiku amene sakukulolani kumuona. Sikuti ndi njala yokha imene mukuthetsa. Mbale ikalowa yodzaza n'kutuluka yopanda kanthu, mumadziwa kuti munthu wanu akadali pamalopo, ndipo omusunga amadziwa kuti pali maso amene akuyang'ana. Kawirikawiri amene wabweretsa nsima amauzidwa kuti alaweko kaye, ndipo zimenezo musakhumudwe nazo. Tsiku limene akana kulandira chakudya, funsani nthawi yomweyo ngati munthuyo wasamutsidwa, kupita kuti, ndipo analamula ndani.

Ngati amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a BP, a shuga, a khunyu kapena a TB, tengani mankhwalawo pamodzi ndi khadi la ku chipatala, ndipo mulembere mkulu wa polisiyo kalata yonena za matendawo. Mukamuona, yang'anani mmene akuyendera, manja ake mozungulira pamene pamadutsa unyolo, mapazi, nkhope, ndi ngati akumva bwino makutu onse. Mukaona zizindikiro za kumenyedwa, musafuule pa kauntala, chifukwa inu mukachoka iye amatsala m'manja omwewo. Lembani zimene mwaona, uzani loya ola lomwelo, ndipo loyayo apemphe polemba kuti munthuyo atengedwe ku chipatala, monga ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa, kuti dokotala amuyeze ndi kulemba lipoti. Mabala amapola, ndipo lipoti lolembedwa patatha mwezi silinena zambiri. Zambia inalowa m'pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu mu 1998, ndipo panganolo limanena momveka kuti palibe nkhondo, chipwirikiti kapena chiopsezo chilichonse chimene chingakhale chifukwa chozunzira munthu.

Makalata

Pakapita maola 48 munthu asanatseguliridwe mlandu, siyani kudalira pakamwa pokha. Lembani kalata ya tsamba limodzi kwa mkulu wa polisi imene ikumusunga, yotchula dzina la womangidwa, tsiku ndi ola limene anagwidwa, ndi pempho lakuti amutsegulire mlandu n'kumutengera ku khoti, kapena amumasule. Musaikemo mawu onyoza, ndipo musafotokoze kuti ndi mwana wabwino amene amaimba kwaya, chifukwa zimenezo si za pano. Jambulani makope angapo, ndipo kulikonse kumene mwapereka pemphani kuti adinde chidindo ndi tsiku pa kope limene mutsale nalo.

Kope limodzi lipite ku Human Rights Commission, imene likulu lake lili pa Independence Avenue. Bungwe limeneli lili ndi mphamvu yolandira madandaulo ndi yoyendera maselo a polisi ndi ndende, ndipo ofisala wake akafika pa polisi n'kufunsa za munthu pomutchula dzina, zinthu zimayamba kuyenda mosiyana. Madandaulo okhudza khalidwe la apolisi, monga kumenya, kukana kunena kumene munthu ali, kapena kupempha ndalama, amapita ku Police Public Complaints Commission. Musayembekezere kuti mabungwe amenewa atsegule chitseko cha selo okha, chifukwa mphamvu yolamula kuti munthu atulutsidwe ili ndi khoti, koma kalata iliyonse yodindidwa imawonjezera chiwerengero cha anthu audindo amene sangadzanene kuti sankadziwa. Ngati apolisi onse akukana kuti sakumusunga, nenani zimenezo momveka m'kalatamo, chifukwa kugwira munthu n'kukana kuti uli naye ndi chimene malamulo a mayiko amachitcha kusowetsa munthu, ndipo Zambia inavomereza pangano loletsa mchitidwewu mu 2011.

Kupita ku High Court

Chida chachikulu chimene banja lili nacho chimatchedwa habeas corpus, mawu a Chilatini amene tanthauzo lake ndi lamulo lakuti bweretsani munthuyo pano. Loya amapereka pempho ku High Court, pamodzi ndi chikalata cholumbira chofotokoza mmene munthu anagwidwira ndi masiku amene wakhala. Ngati womangidwayo sangafikiridwe kuti alumbire yekha, mkazi wake, kholo lake kapena mbale wina amene akudziwa nkhaniyo akhoza kulumbira m'malo mwake, ndipo apa ndi pamene kope lija ndi makalata odindidwa aja amagwira ntchito. Jaji safunsa ngati munthuyo ndi chigawenga kapena ayi. Amafunsa omusunga kuti aonetse lamulo limene likuwalola kumusunga, ndipo akalephera amalamula kuti amasulidwe. Ndime 28 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imalolanso aliyense amene ufulu wake waphwanyidwa kukadandaula ku khoti lomweli.

Banja lidziwiretu chinthu chimodzi, kuti lisadzatembenukire loya. Nthawi zambiri apolisi akalandira mapepala a habeas corpus amafulumira kumutsegulira munthu mlandu, ndipo akatero pempholo limatha mphamvu, munthu n'kuchoka m'selo ya polisi kupita ku ndende ya Chimbokaila kapena ya Kamwala kukadikira mlandu. Walira mvula walira matope. Komabe ine ndimaona kuti kumeneko n'kupita patsogolo, ngakhale kumapweteka. Munthu amene watseguliridwa mlandu amadziwa chimene akumunenera, nkhani yake imakhala ndi nambala ku khoti ndi tsiku lobwerera, amachoka m'manja mwa amene amamufufuza, ndipo oimira boma pa milandu a National Prosecution Authority ayenera kuonetsa umboni kapena kuusiya mlanduwo. Za belo loya adzakuuzani malinga ndi mlandu umene walembedwa, chifukwa pali milandu, monga kupha munthu ndi kuukira boma, imene lamulo sililola belo.

Chifukwa chake masiku amawerengedwa

Pali anthu, ngakhale m'banja momwemo, amene adzakuuzani kuti mudekhe, boma likudziwa chimene likuchita, wosalakwa adzatuluka. Mbiri ya dziko lino siikugwirizana nawo. Kuyambira 1964 kufikira 1991 Zambia inali pansi pa malamulo a nthawi ya chiopsezo, amene ankalola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, ndipo mu Febuluwale 1972 a Simon Kapwepwe, amene kale anali wachiwiri kwa pulezidenti, ndi anthu oposa 100 a chipani chawo cha UPP anatsekeredwa mwa njira imeneyo. Asilikali ena atayesa kulanda boma pa 28 Okutobala 1997, malamulo omwewo anabwereranso, a Dean Mung'omba, wandale wotsutsa boma, anatsekeredwa, ndipo a Kenneth Kaunda, amene kale ankasaina zikalata zotsekera ena, anagwidwa pa tsiku la Khirisimasi chaka chomwecho n'kutengedwa ku ndende ya Mukobeko ku Kabwe. Komiti yofufuza imene anatsogolera jaji Japhet Banda inapeza kuti ena mwa ogwidwa pa nkhaniyo anazunzidwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngakhale pa nthawi yotere, ndime 26 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imati wotsekeredwa apatsidwe zifukwa zolembedwa pasanathe masiku 14, ndipo kutsekeredwa kwake kulengezedwe mu Gazette ya boma m'masiku omwewo.

Ku South Africa boma la tsankho linayamba ndi masiku 90 otsekera munthu popanda mlandu mu 1963, linafika pa 180 mu 1965, ndipo lamulo la uchigawenga la 1967 linachotseratu malire. Womenyera ufulu Steve Biko anafera m'manja mwa apolisi pa 12 Sepitembala 1977 ali wotsekeredwa pansi pa lamulo limenelo. Ku Britain, kumene mabomba anapha anthu 52 mu London mu Julayi 2005, boma la Tony Blair linapempha masiku 90 ndipo nyumba ya malamulo inakana mu Novembala chaka chomwecho, n'kuvomereza 28, amene anatsitsidwanso kufika pa 14 mu 2011, ndipo masiku amenewo saperekedwa popanda woweruza kuvomereza. Ngati aphungu a dziko limene linali litangoika maliro anakangana chonchi pa chiwerengero cha masiku, palibe chifukwa chakuti banja la ku Mandevu lichite manyazi kuwerenga masiku a mwana wawo.

Mlendo ndi mwana

Ngati womangidwayo ndi nzika ya Malawi kapena Mozambique, monga amalonda ambiri amene amagona ku Lusaka ali pa ulendo, pangano la ku Vienna la 1963 limamupatsa ufulu wakuti ofesi ya kazembe wa dziko lake idziwitsidwe akapempha, ndi kuti akuluakulu a ofesiyo amuone. Musadikire apolisi, pitani nokha ndi kalata ndi kope la pasipoti yake. Mlendo ali pa ngozi ina yapadera, yakuti akhoza kuperekedwa ku dziko lina mwakachetechete m'dzina la kumubweza kwawo, choncho loya adziwe msanga za mapepala ake olowera m'dziko. Ngati ndi mwana wosakwana zaka 18, tengani chikalata cha kubadwa kapena khadi la sikelo ndi lipoti la kusukulu, chifukwa lamulo la Children's Code Act la 2022 limamuteteza mwapadera, ndipo sayenera kugonekedwa pamodzi ndi akuluakulu.

Zimene zimawononga nkhani

Pa geti la polisi pamakhala anthu amene amanunkhiza banja lovutika ngati ntchentche pa bala. Adzakuuzani kuti amadziwana ndi abwana a pamwamba, ndipo ndi ndalama zakutizakuti munthu wanu agona kunyumba lero. Ena angodya ndalamazo n'kuzimitsa foni, ndipo ngakhale zitafikadi kwa ofisala, kupereka chiphuphu ndi mlandu umene ukhoza kuika munthu wachiwiri wa banja lomwelo m'selo. Musafufute mauthenga m'mafoni, musawotche mapepala, ndipo musabise katundu wa womangidwayo kwa anansi, chifukwa chinthu chimene chinali chopanda vuto chimaoneka ngati umboni chikangobisidwa. Apolisi akabwera kudzasecha, pemphani kuona chikalata, khalani pomwepo akamasecha, ndipo pemphani mndandanda wosainidwa wa zonse zimene atenga.

Za Facebook ndi mawailesi, funsani loya kaye. Nthawi zina kulengeza kuti munthu wakuti wakhala masiku 10 osaonekera ku khoti kumathandiza kwambiri, makamaka pamene akukana kuti ali naye. Koma nenani zokhazo zimene zili m'kope lanu, osatchula ofisala dzina pomunenera zimene simungathe kutsimikiza, ndipo alankhule munthu mmodzi yekha m'malo mwa banja lonse. Amalume akanena china, azakhali china, achimwene a ku Chipata chinanso, omusunga amapeza mpata wonena kuti banjalo likunama.

Akatuluka

Tsiku limene wamasulidwa, kaya pa bondi kaya popanda mlandu, asachoke pa polisi asanatenge katundu wake malinga ndi zimene zinalembedwa m'buku, ndipo zimene zatsala ngati umboni, monga foni kapena laputopu, zilembedwe pa pepala limene iye asunge. Ngati watuluka pa bondi, asaphonye tsiku limene wauzidwa kukaonekera, chifukwa akaphonya amagwidwanso ndipo omuimira aja amalowa m'mavuto. Apite ku chipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake ngakhale akunena kuti ali bwino, kenako akhale pansi ndi loya afotokoze zonse zimene zinachitika tsiku ndi tsiku, maina kapena maonekedwe a amene ankamufunsa, zipinda zimene anatengedwako, ndi anthu amene anali naye m'selo. Musamukakamize kufotokozera mlendo aliyense wobwera kudzamuzonda, chifukwa ambiri amene atuluka m'malo otere amasowa tulo ndipo amadzidzimuka galimoto ikaima pa geti.

Ndime 13 yomwe ija imati munthu amene wagwidwa kapena kusungidwa mosatsata lamulo ayenera kupatsidwa chipukuta misozi, ndipo mlandu wotere umasumiridwa kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, amene amaimira boma. Umatenga nthawi yaitali ndipo ndalama zake zimachedwa kutuluka, choncho mabanja ambiri amangousiya, ndipo sindingawadzudzule. Amene akufuna kusuma afunse loya msanga za malire a nthawi yosumira, ndipo kope lija, makalata odindidwa, lipoti la dokotala ndi malisiti onse aziike mu envulopu imodzi, ajambule makope ena, n'kukasungitsa kwa mbale amene sakhala m'nyumba yomweyo.